Motoka Yakana Kulira

Ku Chawama, mu Lusaka, makanika saitanidwa. Ingotsegulani boneti m'mphepete mwa msewu muone. Pasanathe mphindi zisanu mitu yazungulira kale injini yanu: wogulitsa makala, wometa tsitsi chipeso chili m'manja, mnyamata wa wilibala, mdala wopuma pa ntchito ya ku njanji, ndi bambo wina amene palibe akudziwa kumene wachokera koma wagwira kale waya wanu n'kumaukoka. Wamakala akuti mafuta ndi osakaniza. Wometa akuti ndi kompyuta, poti ya mlamu wake inayambanso chomwechi ndipo pano mukugona nkhuku. Mdala wa ku njanji sanena kanthu, akungopukusa mutu mwachisoni, ndipo ndi iyeyo amene amakuopsani kuposa onse.

Pa gulu lonselo palibe amene wafunsa funso limene wamawaya weniweni amayamba nalo asanatsike n'komwe pa njinga: "Ba boss, mukaliza ichita bwanji?" Pajatu galimoto yokana kulira imayankha. Ina imangoti zii. Ina imati the-the-the mofulumira. Ina imagogoda kamodzi, kho, basi. Ina imazungulira bwinobwino, gwe-gwe-gwe, koma osagwira moto. Yankho lililonse likuloza malo ake, ndipo munthu akangotchera khutu theka la ntchito latha. Kungoti womvetsera saoneka kuti akugwira ntchito. Wokoka mawaya ndiye amaoneka.

* * *

Bambo wina wa ku Matero, mwini Corolla, anadzuka m'mawa galimoto ikuti the-the-the, tinyali ta pa dashibodi tikuphethira. Akatswiri a mumsewu anagamula mlandu nthawi yomweyo: batire lafa. Anatenga ngongole ya kaloba, anakwera basi mpaka m'tauni, nabwera ndi batire latsopano pa phewa, thukuta lili kamukamu. Anakhomerera mitu ya mawaya ndi mwala monga amachitira masiku onse. Anapotokola kiyi. The-the-the.

Ndi pamene anaitanitsa kamnyamata kamawaya ka ku Commonwealth Road. Kamnyamatako sikanatulutse chida chilichonse. "Yatsani malaiti yakutsogolo. Manje lizani." Nyali zinali zowala, koma kiyi itangopotokoledwa zinafifia mpaka kuzima. Kanagwira mutu wa waya pa batire ndi zala ziwiri n'kuuzunguza. Unazungulira. Mkati mwake munali mutadzaza ufa woyera wobiriwirako, ndipo waya wakuda wopita ku chitsulo cha galimoto, uja amati earth, unali utatsala ndi tiulusi titatu. Wailesi ndi nyali zimakhuta ndi magetsi odutsa pa tiulusi titatu, koma sitata imakoka ma ampu oposa 100 nthawi imodzi. Madzi otentha, soda wa therere, sandipepa, kawaya kena kochindikala, sipanala ya 10. Galimoto inalira.

"Nanga batire lakale lija?"

Kanaliyeza ndi mita: 12.6. Batire lodzaza limaonetsa ma volti amenewo. Lofika pa 12.0 ndi limene latsala pang'ono kutheratu. "Ba tata, ili na moyo kupambana ine."

Bamboyo anaganiza zobweza latsopanolo ku sitolo, koma anapeza mkazi wake atanyamula kale lakalelo. Chinali chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akumasowa mpaka maola 21 pa tsiku. Usiku umenewo nyumba yawo yokha ndiyo inawala mumzere wonse. Mayiyo anauza anzake a chilimba kuti amuna ake amugulira mphatso, yoyamba chikwatirirane, ndipo bamboyo sanatsutse. Kaloba akubwezabe.

* * *

Chaka chomwecho ku Mtendere kunabuka matenda ena, a mabatire ogona ali moyo n'kudzuka atafa. Landilodi wina wa mudadada ankapempha kujampidwa m'mawa uliwonse mpaka anzake anayamba kumuthawa. Wamawaya anabwera masana, nachita zonse mwadongosolo. Injini ikulira mita inaonetsa 14.1, kusonyeza kuti altaneta ikudzaza bwino. Yathanzi imapereka pakati pa 13.8 ndi 14.5. Anazimitsa zonse, anachotsa waya wakuda pa batire, naika mita pakati kuti aone ngati pali chimene chikuba magetsi galimoto itagona. Wotchi, wailesi ndi alamu zimanyambitako pang'ono, osapitirira ma miliampu 50. Zikapitirira umazula mafyuzi limodzilimodzi mpaka nambala itagwa, ndipo wakuba wagwidwa. Kawirikawiri kamakhala kababu ka m'buti kosazima, kapena wailesi yomangidwa ndi mphwake wa munthu amene anaonera pa YouTube. Koma apa mita inati wakuba palibe.

"Ba landilodi, iyi motoka muzuba ilibe mulandu. Nizabwela usiku."

Anabweradi cha m'ma 11 koloko. Anapeza kiyi ili pa ACC, mawaya a matchaja atayala paliponse, mafoni ali mbwee pa mipando, wailesi ikuimba chapansipansi kuti odikira asatope. Pa chiwongolero panakhala mwana wa landilodi wa giredi 7, kabuku kali m'manja: foni yaing'ono K2, yaikulu K5. Wamawaya anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma diso linagwa pa mpando wakumbuyo, pa foni ya kava yapinki yosweka pakona. Inali ya mkazi wake.

M'mawa anauza landilodi kuti vutolo n'lovuta kulifotokoza kwa munthu wosaphunzira zamagetsi, koma kiyi azigona nayo pansi pa pilo.

* * *

Kanyali kofiira ka chithunzi cha batire kakayaka injini ikuyenda, sikakunena batire. Kakunena kuti altaneta yaleka kudzaza, ndipo mukuyendera zotsala. Wogulitsa galimoto wina anamata pa kanyaliko kapepala kolembedwa mawu olimbikitsa mtima. Wogula anayenda tsiku limodzi, lachiwiri galimoto inazima pa maloboti a Lumumba Road dzuwa lili paliwombo. Atamatula kapepalako n'kubwerera mokwiya, wogulitsa anamulandira ndi manja awiri: "Mwaona manje? Mwachosa chikhulupililo, motoka yaima."

* * *

Sitata yamagetsi inayamba kuikidwa m'magalimoto a Cadillac mu 1912, nzeru za Charles Kettering, kuti anthu aleke kuthyoka mikono popukusa injini ndi chitsulo kutsogolo. Papita zaka zoposa 100, ku komboni ya George tikukankhabe.

Anyamata anayi anakankha Vitz ya mphunzitsi wina kuchokera pa msika mpaka kufupi ndi Lilanda, mphunzitsi ali mkati akuponya giya pa D, kubweza pa N, kuponyanso. Palibe chinachitika. Galimoto ya otomatiki siilira pokankha: chimene chimalumikiza matayala ndi injini ndi mafuta a m'giyabokosi, ndipo pampu yowapatsa mphamvu imayendetsedwa ndi injini yomwe yagonayo. Atatopa onse, mphunzitsi analipira, ndipo wamkulu wa anyamatawo akupinda ndalama anati: "Koma ba ticha, otomatiki siilila na kupusha."

"Munali kudziwa?"

"Tonse tiziba."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munakamba ati tipushe. Simunafunse." Anacheuka kuyang'ana kumene achokera. "Kubweza ni mutengo winangu."

* * *

Mayi wina anaima pa Alick Nkhata Road ku Kalingalinga, paja amawotcherera mageti ndi kugulitsa mipando, kuti afunse mtengo wa bedi. Sanatsike. Anangozimitsa injini n'kumanenerera pa windo. Atagwirizana mtengo anapotokola kiyi. Zii. Tinyali tonse ta pa dashibodi tikuwala, wailesi ikulalikira, hutala ikulira, koma sitata osayankha ngakhale kho.

Zii wa mtundu umenewu, magetsi ena onse ali bwino, nthawi zambiri sachokera ku batire. Ndiye kuti uthenga wochoka pa kiyi sukufika ku sitata, ndipo wautsekereza ndi fyuzi, rilei, swichi ya kiyi, kapena kaswichi koletsa otomatiki kulira giya ikakhala pena paliponse kupatula pa P ndi N. Kameneka anakaika dala kuti galimoto isadumphe n'kukalowa m'sitolo ya eni.

Mayiyo sanaimbire wamawaya, anaimbira a Papa a ku tchalitchi kwawo. A Papa anafika atavala suti yoyera, kabotolo ka mafuta kali m'thumba. Anadzoza boneti, anadzoza matayala, kenako analowa pa mpando wakutsogolo kuti asanjike manja pa dashibodi. Pemphero litafika pa moto, chigongono chinagunda giya n'kuichotsa pa D kupita pa N.

"Liza, mwana wanga!"

Vruuu.

Wowotcherera mageti wina anaona zonse pa windo. Anati anene, koma anaona kunenepa kwa envulopu imene inatuluka m'chikwama cha mayiyo, nakuyerekeza ndi phindu la geti limodzi. Lamulungu lotsatira anali pa benchi yachiwiri. Pano ndi dikoni woona za magalimoto, ndipo a Papa asanapempherere galimoto iliyonse iyeyo ndiye amayamba kulowamo kukakonza malo.

* * *

Kho mmodzi womveka bwino, nyali osafifia kwenikweni, nkhani imeneyo ili m'sitata mwenimwenimo. Mwina timakala tamkati, mabulashi aja, tatha, kapena tizitsulo ta mu solenoidi tapsa. Ukaigogoda pang'ono wina akupotokola kiyi, timakalato timakhudza, injini n'kudzuka. Ndi mankhwala a tsiku limodzi, ongokufikitsani kwa wokonza. Pa Hiace ina yoyenda pakati pa Kanyama ndi City Market anakhala mankhwala a theka la chaka.

Basi ikakana pa siteji, dalaivala ankangoti, "Mwaiche!" Kondakitala n'kutenga sipanala ya matayala, kukwawira pansi, kho kho kho, kutuluka akudzisasa fumbi, kudumphira pa chitseko basi ikuyenda. Okwera anazolowera moti tsiku lina italira yokha osagogodedwa, agogo ena anatsika, akuti basi yosintha khalidwe mwadzidzidzi saikhulupirira.

Mwini basi atatopa nazo anaipereka kwa wokonza, mabulashi atsopano analowa, sitata n'kumayankha kiyi kamodzi. Koma Lolemba kondakitala anapitirizabe kukwawira pansi pa siteji yomaliza, n'kumakhalitsako ndithu. Dalaivala anasuzumira. Anamupeza atagona chagada, sipanala ili pambali, akupatula ndalama milu iwiri, wa abwana ndi wake. Pa msewu wonsewo, pansi pa basi ndi pokhapo panalibe maso.

Dalaivala anakwawira komweko. Milu inakhala itatu.

* * *

Kujampa si ntchito yovuta. Waya wofiira pa pulasi ya batire lakufa ndi pa pulasi ya lamoyo, wakuda pa mainasi ya lamoyo, mbali inayo pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, motalikirako ndi batire chifukwa limatulutsa mpweya wogwira moto. Chimene chimavuta ndi chibale.

Mkamwini wina ku Chawama anapita kukajampa galimoto ya apongozi ake aamuna. Mdalayo anakana kugwiriridwa mawaya: iye anayendetsa malole a ku Dar es Salaam mkamwiniyo asanabadwe. Anatenga waya wofiira, nalunjika nawo pa mainasi. Mkamwini anaona. Koma apongozi sauzidwa kuti mwalakwitsa pamaso pa adzukulu ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Anavula kapusi. Ananjuta, naomba m'manja.

"Atate, pepani, sikuti ndikufuna kukuphunzitsani ayi, inu ndinu akuluakulu, zinthu izi munaziona kale ife tisanati n'komwe..."

Phaa!

Fyuzi yaikulu ya ma ampu 100 inapsa, altaneta n'kutsagana nayo. Mdalayo anayang'ana utsi, nayang'ana mkamwini ali chigwadire. "Motoka yanu ili na magetsi yoipa." Mkamwini anavomera, napepesa, nalipira zonse. Kunyumba mkazi wake anamuyamikira kuti ndi munthu woleredwa bwino, nawonjezera kuti ulendo wina azingokuwa.

* * *

Fyuzi ndi mlonda wolembedwa ntchito yoti afe m'malo mwa bwana wake. Mitundu yake si yokongoletsera: yofiira ndi ya ma ampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Ikapsa kamodzi, ikani ina ya mtundu womwewo. Ikapsanso, pali waya wosupuka umene ukukhudza chitsulo penapake, ndipo ntchito yatsala ndi yowusaka.

M'magalimoto ambiri a Toyota muli fyuzi yolembedwa EFI, imene ikapsa injini imazungulira mpaka batire kutha, osagwira. Makanika wina wa pansi pa mtengo ku Kanyama, fyuzi yachitatu itapsa, mtima unamuthera. Anapinda msomali naukhomera pamalopo. Mwini galimoto anafunsa ngati zimenezo n'zololedwa.

"Ba boss, iyi ndiye fyuzi yamuyayaya. Siizakapya."

Sananame. Msomali sunapse. Chinapsa ndi mtolo wonse wa mawaya pansi pa dashibodi, utsi n'kumatulukira m'mabowo a mphepo. Makanika anazula waya pa batire, anathira mchenga, naloza pamene pankafuka kwambiri akumwetulira kuti mwee: "Mwaona? Shoti ili apa. Benangu sembe bakudyelani ndalama ya kompyuta."

* * *

Mvula ya Januwale ikagwa, Kanyama amasanduka dziwe. Malowo ndi athyathyathya, pansi pali thanthwe, madzi amasowa kolowera. Injini ikazima muli pakati pa madzi oterowo, musathamangire kiyi. Tsegulani kaye bokosi la sefa ya mpweya. Mukapezamo madzi ndiye kuti injini yamwa, ndipo kuiliza ndi kupinda zitsulo zamkati. Mukakhala mouma, mwina angonyowa ndi makoilo, mapulagi ndi zolumikizira, zomwe zimangofuna kuumitsa.

Pa chithaphwi china chachikulu cha mu Los Angeles Road pankaima mnyamata wa magambutsi wolondolera magalimoto. "Apa, ba boss, apa! Kumanzele pang'ono!" Amene ankamupatsa kenakake asanalowe ankatulukira tsidya ali bwinobwino. Amene ankakweza windo ankalondoleredwanso, ndi ulemu womwewo, kungoti kumanzere kwawo kunkakhala kwina. Tsidya linalo pansi pa ambulera pankakhala mkulu wake, ali ndi nsanza youma, kabotolo kopopera ndi sipanala ya mapulagi. Mlongo wawo ankagulitsa vitumbuwa kwa odikira. Mvula itasiya mu Epulo banja lonse linadandaula kwambiri za kusintha kwa nyengo.

* * *

Magalimoto ambiri a m'makomboni anayambira moyo ku Japan, anatsika pa sitima ku Dar es Salaam, nalowera pa Nakonde. Ena amabwera ndi mlendo: kabokosi kolipirira misewu ya kwawoko, ka ETC, kamene mukangoyatsa kamalankhula ndi mawu a mzimayi, m'Chijapani, kudandaula kuti khadi mulibe. Mayi wina wa ku Matero sanamukonde mzimayi ameneyu kuyambira tsiku loyamba. M'mawa uliwonse amuna ake akangokhala pa mpando, uja wayamba, mawu ofewa, aulemu.

"Akamba chani?"

"Siniziba."

"Simuziba, koma mumwetulila."

Tsiku lina Allion inati zii, mzimayi wa ku Japan nayenso zii. Wamawaya pa foni anafunsa funso limodzi lokha: "Uja mukazi akamba?" Atamva kuti ayi, anadziwa kuti magetsi sakufika n'komwe m'kati mwa galimoto, ndipo ananyamula mawaya ojampira, za sitata n'kuzisiya kunyumba. Batire linali litatheratu, bamboyo anasiya nyali zoyaka usiku wonse. Itajampidwa, mawu aja anabwerera, ofewa ngati kale.

Mayi anaitanira wamawaya kuseri, nafunsa mtengo wochotsera kabokosiko. Anati K50. Mayi anapereka K100, kuti adule bwinobwino asadzabwerenso.

* * *

Ma Aqua atayamba kuchuluka mu Lusaka, bambo wina wa ku Chawama anadina batani la yake yongofika kumene, dashibodi n'kulemba READY, injini zii. Anadinanso, zonse zinazima. Anadinanso, READY, zii. Magalimoto a haibulidi ndi otero: akalemba READY ndiye kuti alira kale, injini imadzuka yokha ikafunika. Makanika wa m'deralo anatsegula boneti, nafunafuna batire osalipeza, poti laling'ono la ma volti 12 limakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Anafunafuna sitata, nakwawira pansi ndi tochi ya pa foni. Aqua ilibe sitata ya mtundu umene iye amaudziwa. Mwayi wake sanakhudze mawaya a olenji aja, chifukwa amenewo amanyamula magetsi opha munthu. Anatuluka nkhope itagwa.

"Ba boss, limbani mutima. Bakubelani batili na sitata, vonse vibili. Ni mu njila umu."

Akukambirana zopita ku polisi, mkazi wa bamboyo anatuluka ndi dengu, anatseka boneti, anaponya giya pa D, ulendo wa ku msika wa Soweto kukagula tomato.

* * *

Masiku ano kuli a kompyuta: mnyamata wa malaya oyera ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, pa soketi ya mabowo 16 ija ya OBD, imene dziko la America linalamula kuti izikhala m'magalimoto kuyambira 1996. Makinawa ndi abwino, ine sindiwanyoza. Kungoti sanena chimene chafa, amanena kumene kwachokera dandaulo. Kuchoka pamenepo ndi ntchito ya maso ndi zala.

Bambo wa ku Petauke wokhala ku George anabwera kuchokera kumudzi ndi matumba a mtedza ndi chimanga, amene anagona m'Noah yake sabata yathunthu. Pofuna kuiliza, inangozungulira osagwira. Wa kompyuta anawerenga P0335: sensa ya kirankishafuti, imene imauza ubongo wa galimoto kuti injini ikuzungulira, ponya moto. Sensayo ikakhala chete, moto kulibe. Anagula yatsopano. P0335. Anagula ina, yodula, imene wogulitsa analumbira kuti ndi ya ku Japan yeniyeni. P0335.

Mdala wina Mbemba, wamawaya wakale amene chida chake chachikulu ndi babu lomangirira ku waya, anatsata waya wa sensayo ndi chala kuchokera kumutu. Asanapite patali anaupeza utaduka, m'mbali muli zipsera za timano, pansi pake chisa cha makoko a mtedza. Anaweramuka pang'onopang'ono. Mbemba akapeza wa kum'mawa pa malo otere, chimbuya, ubale wawo wosekana za kudya mbewa ndi anyani, sichilola kuti angokhala chete.

"Imwe ba mbuya, mwadya abale bao zaka zingati? Lelo babwela kutenga chipepeso."

"Awa ndi makoswe, si mbewa. Ife makoswe sitidya."

"Kabauzeni beve. Pamalilo bonse ni banja imozi."

Wa ku Petauke analipira, koma polowa m'galimoto anaponya lake: "Mwayi wanu anyani sakwana m'boneti. Bwenzi kwanu ku Kasama kulibe galimoto yoyenda."

* * *

Mnyamata wa takisi zoitanitsa pa foni, galimoto yake ya ngongole inakana kumayambiriro kwa mwezi. Wamawaya anapeza batire lili bwino, moto ulipo, koma pampu ya mafuta siikulandira magetsi. Anatsata waya mpaka kuseri kwa dashibodi, komwe anapeza kabokosi kakuda kokhala ndi simu khadi ndi rilei yake. Sanakakhudze. Anabwezeretsa zomangira zonse, napukuta m'manja. "Mwana, iyi shoti siili mu motoka. Ili pa buthi ya mobile money. Yenda ukalipile, izalila yeka."

* * *

Poopa akuba, anthu ambiri amaikitsa kaswichi kobisika kodula pampu ya mafuta. Bambo wina wa ku Kalingalinga anaikitsa kake pansi pa mpando wa Mark X, osauza munthu, ngakhale mkazi wake. Patapita mwezi galimoto inayamba matenda achilendo. Lachisanu lililonse madzulo, bamboyo atasamba, atadzola, atavala malaya aja a maluwa, inkangozungulira osagwira, kaswichi kake kali poyenera. Loweruka m'mawa popita kukagula ndiwo inkalira kamodzi. Lamulungu popita ku tchalitchi, kamodzi.

Wamawaya ankaitanidwa Lachisanu lililonse. Ankatsegula boneti, kuyeza batire, kuzula fyuzi n'kuiyang'anira kumwamba, kenako kuponya diso pa windo la kukhitchini, kumene amayi ankatsuka mbale akupukusa mutu pang'ono. "Ba boss, iyi ifunika igone. Mailo izalila." Ankalandira yake n'kumapita. Maswichi onse awiri anaika ndi iyeyo: ya bambo pansi pa mpando, ya mayi m'buti kuseri kwa tayala la sipeya.

Bamboyo sanali wopusa. Lachisanu lina anaperekeza wamawaya mpaka pa geti, namugwira pa phewa, nanong'ona mtengo woti shotiyo ipezeke lero lomwe. Wamawaya anayang'ana pansi. "Kuipeza ningaipeze, ba boss. Koma ba mayo balipila mwezi na mwezi." Anagwirizana zoika swichi yachitatu yolambalala yachiwiri. Amayi ataona galimoto yatuluka Lachisanu, anaikitsa yachinayi yodula yachitatu. Wamawaya anagula njinga yamoto.

Usiku wina akuba analowa pa mpanda. Analimbana nayo mpaka atambala, nadina chilichonse chimene anachipeza pansi pa mipando ndi m'buti, kenako anathawa boneti ili yasa. M'mawa bambo ndi mayi anaima pa galimotoyo, aliyense akudziwa maswichi ake awiri, palibe wofuna kuwerama mnzake akuona. Anaimbira wamawaya. Anali ku maliro ku Katete, abwera sabata yamawa.